Mbiri ya Nsima ndi Ndiwo pa Chidikha cha Lilongwe

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zamalimidwe, ndipo taisindikiza muno kuti amene sanamve awerenge ndi kufotokozera anzao.

Nkhani yathu ya lero ndi ya chinthu chimene tichigwira ndi manja tsiku ndi tsiku, ndicho chakudya. Ndifuna tione m'mene makolo athu a kuno ku Lilongwe anali kudyera, zimene zinasintha kadyedwe kao, ndi kumene zatifikitsa ife ana ao.

Chifukwa chokambira mbiri imeneyi ndi ichi. Pa kuwerenga kumene Boma linachita m'chaka cha 2010, ana 47 mwa ana 100 ali onse osakwana zaka zisanu anapezeka opinimbira, ndiko kuti msinkhu wao sunali kulingana ndi zaka zao. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 37, koma anawo anali ambiribe. Akulu naonso ali ndi bvuto lao. Kafukufuku wa 2009 anaonetsa kuti munthu mmodzi mwa atatu ali onse a zaka 25 kufikira 64 anali ndi nthenda yothamanga magazi, m'tauni ndi m'midzi momwe. Bvuto lachitatu muliona nokha m'minda mwanu: nthaka imene kale inali kubala yokha, lero ukapanda kuthira fetereza imeramo kaufiti. Mabvuto atatuwa ndi apachibale, ndipo tikatsata mbiri tidzaona pamene akomana.

CHAKUDYA CHA MAKOLO

Ambiri a ife tiganiza kuti chimanga chinalipo chiyambire. Iai. Kwao kwa chimanga ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikuru, ndipo chinafika m'mbali mwa nyanja za Afrika ndi zombo za Apwitikizi chitapita chaka cha 1500. Kuchokera kumeneko chinalowa kumtunda pang'ono pang'ono ndi anthu a malonda. Chinangwa, mbatata, mtedza, nyemba ndi matimati nazonso zinachokera ku Amereka komweko. Zonsezi ndi alendo amene takhala nao nthawi yaitali mpaka tawayesa eni mudzi.

Eni mudzi enieni ndi mapira, mawere, mchewere, khobwe, nzama ndi mphonda. Mbeu zimenezi zipirira dzuwa. Mapira akaona ng'amba apinda masamba ndi kudikira, ndipo mvula ikabwera adzukanso. Pamene chimanga chikakomana ndi ng'amba pa nthawi ya ngaiyaye, chaka chimenecho chapita.

Makolo sanali kulima mbeu imodzi payokha. Anali kuunda nthumbira, nakwirira udzu ndi zinyalala m'kati mwache, ndipo pa nthumbira imodzi panali kumera dzinthu, nyemba kapena khobwe, ndi maungu oyanga pansi. Munda ukatopa anali kuusiya kuti ugone ukhale tsala, iwo nakatsegula mphanje kwina, pakuti malo analipo ambiri ndipo anthu anali ochepa.

Ndiwo zinali kuchokera m'munda, kudambo ndi kuthengo. M'dzinja munali nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, luni, chisoso, denje ndi therere, pamodzi ndi bowa ndi ngumbi. Amai anali kufutsa masamba ena ndi kuwamanga m'zikwatu za masamba a msuku, kuti m'chilimwe pakhale mfutso wotendera ndi nsinjiro. Ana pobusa anali kudya masuku, maye, nthudza, mpoza ndi matowo. Sindinena kuti kale kunalibe njala. Inalipo, dzombe linalipo, ndi nkhondo zinalipo. Koma banja linali kutsamira pa mitengo yambiri, kotero kuti umodzi ukathyoka silinali kugwa msanga.

FODYA ALOWA M'CHIDIKHA

Boma la Lilongwe linakhazikika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, m'dziko la mfumu Njewa, pafupi ndi mtsinje pamene lero pali Old Town. Msonkho wa nyumba unafuna ndalama, ndipo amuna ambiri anapita kukaifuna ku Harare ndi ku Joni, minda niitsala m'manja mwa amai ndi nkhalamba.

M'chaka cha 1920 Azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anayamba ulimi wa fodya kuno, ndipo munda wa Mbabzi udziwika kufikira lero. Iwo anali kugawira anthu a m'midzi mbande ndi kugula fodya wao. Alimi anachuruka msanga kotero kuti mu 1926 Boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti iyang'anire kalimidwe ndi misika. Fodya wa chikopa anabweretsa njinga, nsaru ndi malata, koma analandanso zinthu ziwiri. Choyamba ndi mitengo, pakuti fodya ameneyu afuna nkhuni zambiri zomufukizira. Chachiwiri ndi nthawi. Banja lotanganidwa ndi nazale, kuokera, kuthyola ndi kusoka fodya silikhala ndi manja okwanira kuinga mbalame m'mapira kapena kupalira mawere. Chimanga chiri ndi makoko ochitchinjiriza ku mbalame, chicha msanga, ndipo chibala kwambiri nthaka ikakhala yabwino. Chotero chimanga chinakula, mapira ndi mawere nabwerera kumalire a munda, kumangolimidwa pang'ono chifukwa cha chimera cha thobwa ndi mowa.

ANTHU AMENE ANAYESA NSIMA PA SIKELO

M'zaka za 1938 ndi 1939 kunabwera gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Dr B. S. Platt. Anakhala m'midzi itatu ya m'boma la Kota Kota, kumpoto chakum'mawa kwa ife kuno, nayesa pa sikelo ufa, ndiwo ndi mowa zimene mabanja anali kudya ndi kumwa nyengo ndi nyengo. Anaona kuti chakudya chichepa m'miyezi ya mvula, nthawi yomweyo imene nchito ya khasu ichuruka, ndiponso kuti zambiri zimene thupi lifuna kuti likule ndi kudzitchinjiriza ziri m'kambale kakang'ono ka ndiwo. Nkhondo yaikuru yachiwiri inasokoneza nchito yao, ndipo zolemba zao zinadzasindikizidwa mu 1992.

Mmodzi wa gululo, Mai Jessie Williamson, anapitiriza kufunsa amai a m'midzi maina a masamba, zipatso ndi mizu, ndi kaphikidwe kache. Mu 1955 buku lache lotchedwa Useful Plants of Nyasaland linasindikizidwa ku Zomba. Taonani, nzeru zimene ziri m'buku limenelo zinachokera kwa agogo athu akazi. Lero mwana wa sukulu angathe kuchula maina a ndiwo zachilendo, koma mumuonetse luni kapena chewe, adzati ndi udzu.

NJALA YA 1949 NDI MALAMULO A MALIMIDWE

Mvula ya 1948 kulowa 1949 inadula pakati. Njala inasautsa kwambiri kumwera, makamaka m'boma la Blantyre cha ku Lunzu ndi Lirangwe, ndipo anthu anafa. Amene anapulumuka anathandizidwa ndi chimanga chimene Boma linaitanitsa kunja, komanso ndi chinangwa, mbatata, mapira, ndi mizu ndi zipatso za kuthengo zimene nkhalamba zinali kudziwa kukonza kwache. Njala itatha Boma linalimbikitsa kuti mudzi uli wonse ukhale ndi mbeu za mizu zodikirira chaka choipa.

Nthawi imeneyo Bwanamkubwa anali Sir Geoffrey Colby, amene analamulira kuyambira 1948 kufikira 1956. Malo oyesera mbeu a Chitedze, pa mseu wa ku Mchinji, anatsegulidwa mu 1948. Boma linali ndi nkhawa ndi kukokoloka kwa nthaka, ndipo lamulo la 1946 linakakamiza anthu kuleka nthumbira ndi kuyamba mizere yopingasa ndi migula. Wokana anali kulipitsidwa, ena kumangidwa, ena kuzuliridwa mbeu. Mizere yopingasa ndi yabwino, ndipo tiilima kufikira lero, koma chifukwa inabwera ndi chikoti anthu anaida pamodzi ndi alangizi ache, ndipo mkwiyo wa malimidwe unathandiza kusonkhezera moto wa ndale m'zaka za m'ma 1950. Phunziro kwa ife alangizi ndi kwa inu mafumu ndi lakuti munthu asunga chimene wachimvetsa, koma chimene wachichita ndi mantha achisiya tsiku limene mantha atha.

M'zaka zomwezo munayamba chikonzero cha alimi otsogola otchedwa Master Farmers, amene pambuyo pa ufulu wa 1964 analowedwa m'malo ndi Achikumbe. Kuti munthu alandire ulemu umenewo anayenera kulima mbeu iri yonse payokha ndi kuchita kasinthasintha. Kasinthasintha ndi wabwino kwa mwini maekala ambiri. Koma mai wa ekala imodzi akauzidwa kuti maungu ndi nyemba zichoke m'chimanga, ndiye kuti ndiwo zache zachoka pa mbale. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anayamba kuyesa munda wa kasakaniza ngati munda wa munthu wosaphunzira.

CHITUKUKO CHA 1968 NDI MZINDA WATSOPANO

Chaka cha 1968 ndi chachikuru m'mbiri ya boma lino. Ndi ngongole ya World Bank kunayamba Lilongwe Land Development Programme, imene inalambula miseu, kukumba zitsime za mijigo, kumanga misika, kulemba malo a mabanja pansi pa ndunda, ndi kukongoza alimi mbeu ya haibridi ndi fetereza. Zabwino zache tiziona kufikira lero. Koma maso a chikonzerocho anali pa chimanga, fodya ndi mtedza wogulitsa, ndipo misika ya Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inasanduka ADMARC, sinali kugula bonongwe.

Amai sanafulumire kulandira haibridi woyambayo, ndipo anali ndi chifukwa. Njere zache zinali zofewa, zinali kuphwanyika mu mtondo pokonola, ndipo anankafumbwe anali kuzikonda m'nkhokwe. Chotero mabanja anali kulima haibridi wogulitsa ndi chimanga chamakolo chakudya. Akatswiri a ku Chitedze atamvera mau a amaiwo anaturutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbeu za njere zolimba zokonoleka bwino, ndipo pamenepo haibridi analowa m'nkhokwe.

Mu 1968 momwemo kunakhazikitsidwa Capital City Development Corporation kuti imange likulu latsopano, ndipo mu 1975 likulu linachoka ku Zomba kudza kuno. Midzi ina inasamutsidwa, ndipo pamene panali minda ndi madambo odyetsa ng'ombe panamangidwa Capital Hill, City Centre ndi malo okhala a manambala, monga Area 10, Area 12 ndi Area 15. Mu 1966 tauni ya Lilongwe inali ndi anthu osakwana 20,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka pafupifupi 989,000. Pakamwa ponsepo pafuna chakudya ndi moto wophikira, ndipo zambiri zichokera kwa inu a ku Mitundu, Nsundwe, Malingunde, Nathenje, Nkhoma ndi Kabudula.

CHIMANGA CHOKHA SICHIKWANA

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika m'dziko mwathu muno zotiphunzitsa za nsima ndi ndiwo. Choyamba chinachitika pa chipatala cha Mishoni ya Likuni m'zaka za m'ma 1960. Poona ana ambiri otupikana ndi onyentchera, a pachipatalapo anasakaniza ufa wa chimanga ndi ufa wa mbeu za mtundu wa nyemba, nayamba kuphikira anawo phala. Ndilo Likuni Phala limene lidziwika m'dziko lonse, ndipo lero lipangidwa ndi chimanga ndi soya. Mankhwala ache analibe chachilendo. Zinali mbeu za m'munda mwathu momwemu zitaphatikizidwa.

Chachiwiri chinaoneka pakati pa abale athu a ku Mozambique amene anathawira kuno nkhondo. M'chaka cha 1990 mtedza umene anali kulandira pamodzi ndi ufa unasowa kwa miyezi ingapo, iwo natsala ndi chimanga ndi zina zochepa. Anthu oposa 17,000 anagwidwa ndi nthenda imene madokotala aitcha pellagra, imene idetsa ndi kusenda khungu pamene pafika dzuwa, itsegula m'mimba, ndipo ikakula isokoneza mutu. Mtedza utabweranso, ndi mankhwala ataperekedwa, nthendayo inachepa. Anthu a ku Mexico, eni chimanga, aphika njere zache m'madzi a laimu kapena a phulusa asanazipere, ndipo njira imeneyo imasula chakudya chimene chimangika m'njeremo. Chimanga chinafika kwa ife popanda nzeru imeneyo, ndipo chimene chakhala chikutitchinjiriza ndi nsinjiro, nyemba, usipa ndi masamba.

Tikumbukirenso za kukonola. Pamene tichotsa gaga, tiviika mphale ndi kuitsuka kuti tipeze ufa woyera, titaya khungu ndi kamtima ka njere, m'mene muli mafuta ndi zambiri zomanga thupi. Nkhumba ndi nkhuku zimene zidya gagayo zinenepa. Mgaiwa anthu anaupatsa dzina loti ndi chakudya cha kusukulu, cha kundende ndi cha nthawi ya njala, koma thumba la chimanga logayitsa mgaiwa likhalitsa kuposa lokonola, ndipo lipatsa thupi zambiri.

FETEREZA NDI ZAKA ZA NJALA

Anthu atachuruka, tsala linatha. Munda womwewo ulimidwa chimanga chaka ndi chaka, mapesi atenthedwa pofuna mbewa, ndipo mphamvu ya nthaka ichoka yosabwerera. Boma linayesa kuthandiza ndi Starter Pack mu 1998, ndi makuponi a fetereza wotsika mtengo kuyambira 2005, ndiponso chikonzero cha AIP mu 2020. M'zaka za mvula yabwino chimanga chinachuruka ndithu. Koma fetereza agulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wache unakwera, ndipo kwacha itagwa mu 2023 unakweranso.

Ambiri a inu mukumbukira njala ya 2002, pamene kuno pakati anthu anadya gaga, mizu ya nthochi ndi chimanga chosakhwima, ndipo maliro anachuruka m'midzi. Kuyambira 2017 mbozi zachilendo zolowa m'mtima mwa chimanga zafalikira m'dziko lonse. Mu 2024 ng'amba inachititsa Boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28. Timati chimanga ndi moyo, ndipo ndi zoona. Koma moyo wopachikidwa pa msomali umodzi ugwa tsiku limene msomaliwo wazuka.

Nkhani yokondweretsa ndi yakuti akatswiri abwereranso ku nzeru ya kasakaniza. Pa mizu ya mtedza, soya, khobwe ndi nandolo pali timatuza tating'ono m'mene mukhala tizirombo tabwino totenga chakudya cha mbeu mu mpweya ndi kuchisiya m'nthaka. Chakudya chimenecho ndi chomwe tigula m'thumba la Urea. Kuyambira chaka cha 2000 alimi a ku Ekwendeni, pogwirizana ndi chipatala cha kumeneko, anayesa kubzala nandolo pamodzi ndi mtedza m'munda umodzi, kukwirira masangwi ache, ndi kubzalamo chimanga chaka chotsatira. Nthaka inabwerera ndipo ana a m'mabanja amene anachita zimenezi zaka zingapo anakula bwino. Mtengo wa msangu nao uchita zodabwitsa: uyoyola masamba m'dzinja pamene mitengo ina iphuka, kotero kuti chimanga cha pansi pache chipeza manyowa ndi dzuwa lomwe.

MBALE YA M'TAUNI

Tsopano tiyeni tilowe m'tauni. Ku Area 15 ndi malo ena onga amenewo kukhala anthu a nchito za m'maofesi, nyumba iri yonse ndi bwalo lache. Makolo a ambiri a iwo anabadwira m'midzi yanu. Atafika m'tauni anaona ngati kutukuka ndiko kudya buledi woyera, tiyi wa shuga wambiri, chipisi, zakumwa za m'mabotolo ndi ndiwo zosambira m'mafuta, ndipo chisoso ndi mgaiwa anaziyesa za anthu osauka. Koma munthu wokhala pa mpando tsiku lonse satentha chakudya monga achitira wa khasu. Thupi lilemera, ndipo nthenda ya shuga ndi yothamanga magazi zipeza khomo.

Lero madokotala akuwauza anthu omwewo kuti achepetse mchere, shuga ndi mafuta, adye mgaiwa, nyemba, masamba ndi zipatso. Ndicho chifukwa chache muona kuseri kwa nyumba zambiri za kumeneko kuli kadimba ka mpiru, bonongwe ndi nkhwani, ndi mitengo ya mapapaya ndi mapeyala. Amai osenza madengu ndi anyamata a njinga ayenda m'makomo m'mamawa kugulitsa masamba, ndipo pa msika wa Lizulu ndi misika yina ya mu mzinda nkhuku yachikuda igulidwa mtengo woposa ya chizungu. Zimene ife kumudzi tichita nazo manyazi, anzathu a m'tauni akuzifuna ndi ndalama m'manja. Mlimi wochenjera aone pamenepa.

Koma tauni idyanso nkhalango. Mtsinje wa Lilongwe uchokera ku Dzalanyama, ndipo madzi amene amwedwa ku Area 15 asungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Makala ambiri ophikira mu mzinda akhala akuchokera ku Dzalanyama komweko, mpaka mu 2015 Boma linatumiza asilikari kukalondera nkhalangoyo. Mitengo ikatha, madzi a mvula athamanga ndi dothi kukadzaza damu, m'chilimwe mtsinje uphwa, ndipo dimba la mlimi ndi mpope wa m'tauni ziuma tsiku limodzi. M'nkhalango yomweyo ndimo muchokera bowa, masuku, uchi ndi mphalabungu.

ZOTI TICHITE

Unduna wa Zaumoyo ndi wa Zamalimidwe uphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zanyama, masamba, zipatso ndi zamafuta. Banja liyenera kulawako gulu liri lonse tsiku ndi tsiku. Zonsezi zingathe kuchokera pakhomo panu mukatsata izi.

1. Patulani gawo la munda chaka chiri chonse mubzalemo mtedza, soya, nzama kapena nandolo, ndipo chaka chamawa mudzabzalemo chimanga. M'chimangamo musaletse maungu, nyemba ndi khobwe.

2. Musatenthe mapesi ndi masangwi. Kwirirani, kapena pangani manyowa a m'dzenje, a chimato kapena a Mbeya. Fetereza pang'ono pa nthaka ya manyowa agwira nchito kuposa wambiri pa nthaka yoguga.

3. Bzalani mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira ndi Chipika. Iri ndi vitamini A amene atchinjiriza maso ndi thupi la mwana, ndipo masamba ache ndi kholowa. Pambali pache pakhale mizere ya chinangwa ndi mapira yodikira chaka choipa.

4. Musagulitse mtedza ndi nyemba zonse pokolola. Amai ndi abambo apangane za matumba otsala pakhomo asanaitane wogula. Phala la mwana likhale la mgaiwa wothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, ndi masamba osinja.

5. Umitsani mtedza bwino ndipo musauwaze madzi pofuna kuswa. Mtedza wa chuku uli ndi poizoni amene aononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo chuku ndi chimodzi mwa zimene zinatitayitsa misika ya mtedza ku Ulaya. Wofwifwa ndi wonyala musausinje nsinjiro.

6. Futsani masamba nthawi ya dzinja pamene ali ambiri. Awiritseni pang'ono ndi kuyanika pa mthunzi podutsa mphepo. Pophika musachurutse soda kapena chidulo, ndipo masamba asapse mpaka kuda.

7. Inu a madimba, mukapopera mankhwala pa matimati ndi repu dikirani masiku olembedwa pa botolo musanathyole. Amene adzadya ndi mwana wa mnzanu.

8. Viikani nyemba usiku kuti zipse msanga, phikirani pa chitetezo mbaula, ndipo mitengo ya nandolo mukakolola ikhale nkhuni.

MAU KWA MAFUMU

Zina mwa izi mlimi sangathe yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Nandolo akhala m'munda kufikira chilimwe, ndipo ngati mbuzi ndi ng'ombe zimasulidwa chimanga chikangochoka, palibe amene adzambzala kawiri. Ndinu mafumu amene mungaitane anthu pabwalo ndi kupangana za nthawi yomasula ziweto, za moto wa osaka mbewa, ndi za kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Lamulo limene anthu apangana okha lisungika kuposa lochokera ku ofesi, monga taonera m'mbiri ya malimidwe.

Sungani nkhalango ya mudzi monga musungira mitengo ya kumanda, ndipo msuku, muula ndi msangu zisagwe ndi nkhwangwa. Funsaninso m'mudzi mwanu kuti ndani akali ndi mbeu ya mawere, mapira, nzama, chitowe ndi chimanga chamakolo. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi agogo amodzi kapena awiri, mbeu iri m'chiguru pamwamba pa moto. Ku Chitedze kuli nkhokwe yosunga mbeu za dziko lonse, koma mbeu isungika bwino koposa pamene ibzalidwa chaka ndi chaka. Agogowo akapita osagawira wina, mbeuyo yapita nao pamodzi ndi kaphikidwe kache. Pemphani kuti agawireko mabanja atatu kapena anai mvula isanagwe, ndipo atsikana ndi anyamata akhale pansi aphunzire maina a ndiwo za kuthengo.

Akulu anati mau a akulu akoma akagonera. Fetereza, haibridi ndi mankhwala ziri ndi malo ache, ndipo sitinena kuti muzitaye. Tinena kuti pambali pa zimenezo mubwezere m'munda mbeu zimene zinachotsedwamo, kuti nthaka ipeze chakudya, mwana akule, ndipo chaka cha ng'amba chikafika pakhale pothawira. Amene afuna kuona kapangidwe ka manyowa kapena kabzalidwe ka nandolo ndi mtedza apite kwa mlangizi wa dera lao, kapena mfumu imuitanire pabwalo kuti mudzi wonse uone pamodzi.